Kodi siponji ya m'nyanja imadya chiyani, nanga zimene yadyazo zimathera kuti?

Tamanda:
Moni nonse pa gulu lino. Ndikukonzekera phunziro la zamoyo za m'nyanja zamchere, ndipo ndaima pa siponji. Mabuku akunena kuti ndi nyama, koma ilibe pakamwa, ilibe mimba, ilibe ubongo, ndipo ikakhazikika pathanthwe imakhala pomwepo moyo wake wonse. Funso langa loyamba ndi lakuti, chamoyo chopanda pakamwa chimadya bwanji, ndipo chimadya chiyani? Lachiwiri ndi limene likundivuta kwambiri. Kodi chilipo chimene nyanja ingataye masiponji onse atatha, kapena ndi zamoyo zongodzaza malo?

Bambo Gondwe:
A Tamanda, musadabwe kuti zakuimitsani, chifukwa akatswiri akale nawonso anatenga nthawi yaitali asanagwirizane ngati siponji ndi nyama kapena chomera. John Ellis anaona mu 1765 kuti madzi amayenda pa mabowo a siponji, ndipo m'zaka za m'ma 1820 Robert Grant, amene ankaphunzitsa Charles Darwin za zamoyo za m'nyanja ku Edinburgh, anasonyeza kuti madziwo amalowera pa timabowo tating'ono n'kutulukira pa mabowo aakulu, osabwerera mmbuyo.

Kadyedwe konse ka siponji kagona pa kayendedwe ka madzi kameneka. Timabowo tolowera madzi timatsogolera ku tinjira, tinjirato timakathera m'tizipinda, ndipo makoma a tizipindato ndi oyalidwa ndi maselo otchedwa choanocyte. Selo lililonse lili ndi kamchira kamene kamagwedezeka usana ndi usiku, ndipo patsinde pa kamchirako pali tiubweya tosanjana mozungulira timene timakola chilichonse chodutsa. Timichira tosawerengeka tikamagwedezeka, madzi amakokedwa kuchokera kunja, amadutsa m'tizipinda, kenako amaponyedwa kutali kudzera pa bowo lalikulu kuti asalowenso kachiwiri. Siponji imatha kupopa madzi ochuluka kuwirikiza masauzande kuposa kukula kwa thupi lake pa tsiku limodzi.

Chimene chimakodwa kwambiri ndi mabakiteriya ndi tindere ta selo limodzi, tinthu timene tambiri mwa ito sitikwana mamaikulomita 2, pamene maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Nyama zambiri zosefa madzi sizitha kugwira tinthu tochepa chonchi. Popeza mimba palibe, selo lenilenilo ndi limene limameza chakudya n'kuchigaya m'kati mwake, kapena limachipatsira kwa maselo ena oyendayenda m'thupi amene amachifikitsa kumene chikufunika. Madzi omwewo ndi amene amabweretsa okosijeni ndi kuchotsa zoipa za m'thupi, choncho siponji ikaleka kupopa kwa nthawi yaitali, kudya, kupuma ndi kutaya zonyansa zimaima pamodzi.

Yamikani:
Zikomo bambo Gondwe. Ngati zili choncho, ndikuona kuti funso lachiwiri la a Tamanda layankhidwa kale. Siponji ndi choyeretsera madzi. Imachotsa mabakiteriya ndi litsiro, madzi amayera, kuwala kumafika pansi, ndipo makorali (tinyama ta m'nyanja timene timamanga matanthwe) ndi udzu wa m'nyanja zimakula bwino. Masiponji atatha, madzi angade. Sindikuona chifukwa choifunira ntchito ina yoposa pamenepa.

Mayi Nasibeko:
A Yamikani, zimene mwanenazo ndi zoona, koma zikutisiya panjira, chifukwa chimene siponji yachotsa m'madzi sichizimiririka. Chimapita kwinakwake, ndipo kumene chimapitako ndi kumene kuli nkhani.

M'zaka za m'ma 1970, Henry Reiswig anayeza madzi olowa ndi otuluka m'masiponji a ku Caribbean, ndipo anapeza kuti kwa mitundu ina, mabakiteriya ndi tindere tokodwa sizinali zokwanira kulipira mphamvu zimene siponji imagwiritsa ntchito. Anaganiza kuti chotsalacho chimachokera ku chakudya chosungunuka m'madzi. Makorali ndi ndere zimatulutsa mamina, shuga ndi zinthu zina zokhala ndi kaboni, ndipo zambiri mwa izo zimasungunukiratu moti nsomba, nkhanu kapena nkhono sizingazidye ngakhale zitazungulira thupi lawo lonse. Kafukufuku wa pambuyo pake, wina wochitikira ku Nyanja Yofiira ndi wina ku chilumba cha Curaçao ku Caribbean, anasonyeza kuti pali masiponji amene magawo oposa 90 pa 100 alionse a kaboni amene amadya amakhala wosungunukayu.

Apa panabuka funso lina. Jasper de Goeij ankaphunzira masiponji opyapyala amene amayala m'mapanga ndi m'ming'alu ya matanthwe a makorali ku Curaçao, ndipo anaona kuti amadya kaboni wochuluka kwambiri poyerekeza ndi matupi awo, koma sakula. Atayang'ana maselo a siponji yotchedwa Halisarca caerulea, anapeza kuti ma choanocyte ake amagawikana pa maola 5 kapena 6 alionse, liwiro losaoneka kawirikawiri pakati pa nyama, ndipo maselo akale amathothoka n'kutuluka ndi madzi ngati zinyenyeswa. Zinyenyeswa zimenezi ndi chakudya chogwirika. Nyongolotsi, nkhono ndi tinkhanu zimazidya, ndipo nsomba zimadya zimenezo. Mu 2013 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira m'magazini ya Science, atatsatira chakudya chokhala ndi chizindikiro kuchokera m'madzi, kulowa mu siponji, mpaka kufika m'matupi a tinyama todya zinyenyeswa.

Kufunika kwake n'kotani? Kuyambira nthawi ya Darwin, anthu akhala akudabwa kuti matanthwe a makorali amadzaza bwanji ndi zamoyo chikhalirecho madzi owazungulira ndi oyera mbee, osauka chakudya. Mbali ina ya yankho ndi yakuti chakudya chimene chikanasungunuka n'kutengedwa ndi mafunde chimagwidwa ndi siponji n'kubwezedwa pathanthwe pomwepo. Ine ndimaona kuti imeneyi ndi ntchito yaikulu kuposa kuyeretsa madzi.

Tamanda:
Mayi Nasibeko, apa mwanditsegula maso, koma pali pamene sindinamvetse. Bambo Gondwe afotokoza tiubweya tokola tinthu todutsa. Chinthu chosungunuka sichingakodwe pa tiubweya. Ndiye siponji imachigwira ndi chiyani?

Mayi Nasibeko:
Njira zilipo ziwiri, mwanawe. Yoyamba ndi yakuti ma choanocyte enieniwo amatha kumwa timadontho ta madzi pamodzi ndi zosungunukamo. Yachiwiri ndi mabakiteriya amene amakhala m'thupi la siponji, osati ngati chakudya koma ngati anzake okhala nawo. Pali mitundu ya masiponji imene gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake ndi mabakiteriya okhaokha, ndipo ena mwa mabakiteriyawo siponji imapatsira ana ake kudzera m'mazira kapena m'timphutsi. Mabakiteriyawa amathandiza kugaya zosungunuka, ena amasintha amoniya amene siponji imataya kukhala mitundu ina ya nayitrojeni, ndipo ena amapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga zimachitira zomera. Clive Wilkinson anasonyeza kuti ku Great Barrier Reef ku Australia kuli masiponji ophwatalala amene gawo lalikulu la mphamvu zawo limachokera kwa mabakiteriya odalira dzuwawa. Choncho tikamati siponji yadya, nthawi zambiri tikunena za khamu la zamoyo zodyera pamodzi m'thupi limodzi.

Chisomo K.:
Mayi Nasibeko, ndikupempha kuti nditsutseko pang'ono, osati pa zimene de Goeij anapeza, koma pa kukula kwa chimene tingamange pamwamba pake. Masiponji amene iye anaphunzira ndi opyapyala, obisika m'ming'alu, kumene malo okulira ndi ochepa. Siponji yotero ikadya kwambiri ilibe kokulira, ndiye n'zomveka kuti imataya maselo. Koma gulu la Joseph Pawlik la ku North Carolina, ku America, litayeza masiponji aakulu oima poyera ku Caribbean, monga Xestospongia muta imene imakula mpaka munthu kukwanamo m'kati, silinapeze zinyenyeswa zochuluka chotero. Masiponji aakuluwa amadyadi kaboni wosungunuka, koma amamusandutsa thupi lawo. Chakudyacho chimabwerera kwa zamoyo zina makamaka nsomba kapena kamba akaluma siponjiyo.

Chachiwiri n'chakuti kubweza chakudya pathanthwe sikukondera makorali okha. Ku Caribbean makorali achepa kwambiri kuyambira m'ma 1980, ndipo malo awo atengedwa ndi ndere zikuluzikulu. Pawlik ndi anzake analemba mu 2016 kuti pakhoza kukhala mkombero woipa: ndere zimatulutsa kaboni wosungunuka, masiponji amamudya n'kutulutsa nayitrojeni ndi fosifolasi, ndipo zimenezi zimakhala feteleza wa ndere zomwezo. Ndere ndi masiponji zimadyetsana, pamene tiana ta makorali tikusowa pokhazikika. Awa ndi maganizo amene akatswiri akukanganabe, koma akutichenjeza kuti tisamaone siponji ngati mthandizi wa makorali nthawi zonse. Siponji imayendetsa chakudya, ndipo amene apindule ndi amene ali pafupi komanso ali ndi mphamvu pa nthawiyo.

Yamikani:
Ndikumva mbali zonse ziwiri. Koma bambo Gondwe, ndibwerere kwa inu. Mwanena kuti kadyedwe konse ka siponji kagona pa kupopa madzi. Nanga pansi penipeni pa nyanja, kumene kulibe dzuwa, kulibe ndere, ndipo mabakiteriya ndi ochepa, kupopako kumapindula chiyani? Kodi siponji siwononga mphamvu zambiri kuposa zimene ikupeza?

Bambo Gondwe:
Achimwene, funso lanu lili ndi yankho lodabwitsa. Masiponji ambiri akuya amapopabe, makamaka a gulu la magalasi amene mafupa awo ndi a silika (chinthu cholimba chimene amapangira galasi), ndipo amakhala pamalo pamene mafunde apansi amawathandiza kukankha madzi. Koma mitundu yambiri ya banja lina, lotchedwa Cladorhizidae, inasiya kupopa n'kuyamba kudya nyama. Mu 1995 Jean Vacelet ndi Nicole Boury-Esnault anafotokoza kasiponji kamene kanapezeka m'phanga la m'nyanja ya Mediterranean kufupi ndi La Ciotat ku France, phanga lozizira ndi lamdima lofanana ndi nyanja yakuya. Kasiponjiko kalibe tizipinda topopera madzi. Kali ndi timikono tatitali tokutidwa ndi tingowe ta silika, ndipo kankhanu kakang'ono kakakhudza timikonoto kamakodwa, maselo amasamukira pamenepo n'kukakuta, kenako kamagayidwa pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Mu 2012 kunafotokozedwanso ina yotchedwa Chondrocladia lyra, imene inapezeka kufupi ndi California pa kuya kopitirira mamita 3,000.

Zonsezi zimachitika popanda mitsempha ya uthenga. Ngakhale zili choncho, siponji imamva. Madzi akadzaza matope, masiponji a magalasi amatumiza uthenga wa magetsi m'thupi lonse n'kuimitsa timichira nthawi imodzi, ndipo mitundu ina imadzikwinya pang'onopang'ono n'kutaya mamina okhala ndi zinyalala, chinthu chimene akatswiri amachitcha kuyetsemula. Kuyetsemula kumodzi kumatha kutenga theka la ola, ndipo nsomba zaonedwa zikudya mamina otayidwawo.

Mayi Nasibeko:
A Chisomo, sindikutsutsa zimene gulu la Pawlik linapeza, koma tisaiwale kuti masiponji obisika m'ming'alu ndi ochuluka kuposa mmene maso athu amaonera tikamasambira pamwamba pa thanthwe, chifukwa makoma a m'kati mwa mapanga ndi otambalala kuposa nkhope ya thanthwelo. Komanso Laura Rix anasonyeza kuti mamina a makorali amasandulika zinyenyeswa kudzera mu siponji ku Nyanja Yofiira ndiponso ku makorali a m'madzi ozizira a ku Norway. Ndiye si nkhani ya Curaçao yokha ayi. Ndipo mwamva zimene bambo Gondwe angonena za mamina odyedwa ndi nsomba, imenenso ndi njira ina yobwezera chakudya.

Mayi Jere:
Ndakhala ndikungowerenga, koma a Chisomo atchula za kamba, ndiye ndilowererepo. Siponji ndi nyama yosathawa, yofewa, yooneka poyera, koma zoidya ndi zochepa. Chifukwa choyamba ndi timinga ta silika kapena ta laimu timene tadzaza m'thupi mwake. Chachiwiri, chimene ndi champhamvu kwambiri, ndi mankhwala owawa kapena akupha amene siponji kapena mabakiteriya ake amapanga. Komabe zilipo nyama zimene zinazolowera. Anne Meylan anafalitsa mu 1988 kuti akamba a mtundu wa hawksbill ku Caribbean, pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse a zopezeka m'mimba mwawo anali masiponji, ndipo matumbo awo anali odzaza ndi timinga tagalasi. Nsomba zotchedwa angelfish nazonso zimadya masiponji, ndipo nkhono zina zopanda chigoba zimadya siponji yapoizoni n'kusunga poizoniyo m'thupi mwawo kuti zidzitetezere.

Izi zikukhudza mtsutso wanu mwachindunji. Pamalo pamene nsomba zodya masiponji zagwidwa mopitirira muyeso, masiponji okoma, amene alibe mankhwala odzitetezera koma amakula msanga, amachuluka n'kuyamba kukuta makorali. Choncho kuti siponji ikhale bwenzi kapena mdani wa makorali, zimadaliranso ngati zoidya zilipo.

Ndiwonjezere mwachidule kuti mankhwala odzitetezerawa anafika m'zipatala. M'zaka za m'ma 1950 Werner Bergmann anapeza zinthu zachilendo mu siponji ya ku Caribbean, ndipo zinatsogolera ku kupangidwa kwa cytarabine, mankhwala a khansa ya m'magazi amene anavomerezedwa mu 1969. Eribulin, wa khansa ya m'mawere, amene anavomerezedwa mu 2010, anapangidwa potengera chinthu chopezeka mu siponji ya ku Japan yotchedwa Halichondria okadai.

Chisomo K.:
Mayi Jere, mwandithandiza kufotokoza bwino zimene ndimafuna kunena. Ngakhale pa thanthwe lenilenilo siponji imachita ntchito ziwiri zotsutsana. Masiponji a mtundu wa Cliona amaboola miyala ya makorali ndi zigoba za nkhono, amasema timabenthu tating'ono n'kutitaya kunja, ndipo m'malo ena gawo lalikulu la matope osalala a pansi pa thanthwe limachokera kwa iwo. Koma mitundu ina imamata. Mu 1979 Janie Wulff ndi Leo Buss anachotsa masiponji pa timatanthwe tina ku Panama, ndipo patapita miyezi yochepa makorali ambiri anazuka n'kugwa chifukwa chimene chinkawagwira chinali chitachoka.

A Tamanda, pa funso lanu lachiwiri, pali malo pamene masiponji ambiri anafadi. Ku Florida Bay ku America, kuyambira mu 1991, mabakiteriya obiriwira anachuluka m'madzi kwa miyezi yambiri ndipo masiponji anafa pa dera lalikulu. Tiana ta nkhanu zikuluzikulu zotchedwa spiny lobster, timene timabisala pansi pa masiponji, tinasowa pokhala. Tinkhanu tothethetsa zala timene timakhala m'tinjira ta m'kati mwa siponji tinachepa, moti akatswiri ojambula mawu a pansi pa madzi anapeza kuti malo amene masiponji anafa ndi achete kuposa malo amene akadalipo, ndipo zimenezi zili ndi kanthu chifukwa tiana ta nsomba zina timatsata phokosolo pofuna pokhazikika. Apa ndipamene mfundo ya a Yamikani ikugwira ntchito, pakuti madzi osaya ngati amenewo akataya zosefa zake, mabakiteriya amachulukanso mosavuta.

Yamikani:
Za tinkhanu tokhala m'kati mwa siponji ndinaziwerengapo. Mu 1996 Emmett Duffy anapeza ku Belize kuti mtundu wotchedwa Synalpheus regalis umakhala m'magulu a mazana mu siponji imodzi, koma wamkazi woikira mazira amakhala mmodzi yekha, ena onse n'kumalondera, monga zimachitira njuchi. Aka kanali koyamba kupeza khalidwe lotere mwa nyama za m'nyanja, ndipo tinkhanuti timadya zomwe zili m'siponji momwemo.

Tamanda:
Ndathokoza nonse. Ndatsala ndi funso limodzi lochokera pa nkhani ya Florida Bay. Masiponji akafa kapena akaphwanyidwa, kodi amabwerera msanga? Ndinamva kuti siponji ukaidula imameranso, ndiye mwina kuwonongeka kwake sikodetsa nkhawa kwenikweni.

Bambo Gondwe:
A Tamanda, mwamva zoona, koma ndi zoona za mitundu ina. Mu 1907 Henry Van Peters Wilson anafinya siponji pa nsalu yopyapyala mpaka maselo onse analekana, ndipo maselowo anayenda, anapezana, n'kuyambanso kupanga tisiponji tatsopano. Alimi a masiponji ogwiritsa ntchito posamba amadalira mphamvu yomweyi: amadula siponji m'zidutswa, n'kuzimangirira pa zingwe m'madzi kuti chilichonse chikule pachokha. Ku Florida Bay nakonso ntchito yobwezeretsa masiponji yakhala ikuchitika mwa njira yodula ndi kubzala zidutswa. Inafunika chifukwa timphutsi ta siponji timasambira kwa maola kapena masiku ochepa okha tisanakhazikike, ndiye dera lalikulu likatheratu, mbewu yochokera kutali imachedwa kufika.

Koma pali masiponji amene kukula kwawo kumayezedwa ndi zaka mazana. Xestospongia muta yaikulu kwambiri imene inajambulidwa ku Curaçao inawerengeredwa kuti inali ndi zaka zoposa 2,000. Ku Hecate Strait, kugombe la British Columbia ku Canada, mu 1987 kunapezeka matanthwe omangidwa ndi masiponji a magalasi, chinthu chimene akatswiri ankachidziwa kuchokera ku miyala yakale yokha ndipo ankaganiza kuti chinatha kalekale. Matanthwewa ali ndi zaka pafupifupi 9,000, ndipo anakula chifukwa masiponji atsopano amakhazikika pa mafupa a akale amene anafa koma akadali chiimire. Khoka lokokedwa pansi pa nyanja likadutsa, limaphwanya amoyo pamodzi ndi mafupa akalewo, ndiye ana amasowa pomera. Boma la Canada linakhazikitsa malowa kukhala otetezedwa mu 2017, mbali zina zitawonongeka kale.

Mayi Nasibeko:
Ndipo chitetezo chake sichinathere pathanthwe penipenipo, chinaphatikizanso madera ozungulira. Chifukwa chake ndi chimene bambo Gondwe anafotokoza poyankha a Yamikani: khoka likadutsa chapafupi limavundula matope, mafunde amawafikitsa pa masiponji, ndipo masiponji a magalasi amaimitsa kupopa mpaka madzi atayera. Nthawi yonse imene aima sakudya. A Tamanda, ngati phunziro lanu lili ndi malo, muikemo mfundo imeneyi pambali pa ya Wilson, kuti ophunzira asatuluke akuganiza kuti masiponji onse amapirira mofanana.

Chisomo K.:
Muikemonso chiwerengero cha mitundu, chifukwa chimathandiza pa mfundo yomweyo. Mitundu yodziwika ndi yoposa 9,000, yogawidwa m'magulu anayi, ndipo yoposa 200 mwa iyo imakhala m'madzi opanda mchere, m'mitsinje ndi m'nyanja za kumtunda. Ya m'madzi opanda mcherewa ili ndi njira yakeyake yopulumukira: madzi akamaphwa kapena kuzizira kwambiri imapanga timibulu tolimba tosunga maselo, thupi lonse limafa, ndipo timibuluto timaswa nyengo ikabwerera. Masiponji a magalasi a ku Hecate Strait alibe njira yotereyi.